Mazira Onse M'dengu Limodzi: Tiphunzire Mwambi wa Chingerezi

(NYIMBO YOTSEGULIRA)

 Moni inu a ku Mitundu, a ku Nathenje, a kwa Chadza, kwa Chiseka, kwa Kalumba, ndi nonse okhala m'midzi yozungulira phiri la Bunda. Agogo, sendererani pafupi ndi wailesi. Amayi amene muli pamoto, mverani uku mukutakasa. Achinyamata ndi ana a sukulu, tengani kope ndi cholembera ngati zili pafupi. Takulandirani ku pulogalamu yathu yophunzira Chingerezi.

Ino ndi nyengo yososa ndi kugalauza. M'makomo ambiri muli kukambirana: chaka chino tidzala chiyani, ndipo kandalama kali m'manjaka tikaika pati? N'chifukwa chake lero ndasankha mwambi wa Chingerezi umene ukugwirizana ndi nkhani imeneyi. Mwambiwo ndi uwu:

Don't put all your eggs in one basket.

Ndibwereze pang'onopang'ono, ndipo inu mubwereze pambuyo panga. Don't put. All your eggs. In one basket.

Tiyenda motere. Tiyamba ndi tanthauzo lake. Kenako tiona kumene unachokera. Tikatero tiuyesa pa moyo wathu wa kuno. Pambuyo pake tiphunzira kuuyankhula bwino m'Chingerezi, ndipo tidzamaliza ndi kuona pamene mwambiwu uyenera kulekezera, pakuti mwambi uliwonse uli ndi malire ake.

Tiyambe ndi tanthauzo.

Ife Achewa zining'a ndi miyambi sizachilendo. Munthu akati "ndikufuna ndikutsineni khutu", palibe amene amagwira khutu lake kuopa ululu. Tikamva kuti agogo auje atsamira mkono, tonse timadziwa kuti pamudzipo pagwa zovuta. Mawu amanena china, tanthauzo lili kuseri. Chingerezi nacho chili chimodzimodzi. Wophunzira amene amangomasulira liwu ndi liwu amasokera, ngakhale atadziwa liwu lililonse palokha.

Choncho tiyambe ndi mawuwo, kenako tizungulire kuseri kwake. Don't put ndiye kuti usaike. All your eggs, mazira ako onse. In one basket, m'dengu limodzi. Usaike mazira ako onse m'dengu limodzi.

Tiyerekeze kuti mayi wina wasonkhanitsa mazira a nkhuku zake kwa masabata awiri. Wawaika onse m'dengu limodzi, wamangirira pa njinga, ulendo wa kumsika wa Mitundu. Panjira tayala lalowa m'dzenje, dengu lagwa. Watsala ndi chiyani? Palibe. Akanati ena awanyamule lero, ena awasiye kunyumba, kapena ena anyamule mwana wake, akanalira ndithu, koma sakanabwerera chimanjamanja.

Onani kuti eni mwambiwu sanasankhe dzira mwangozi. Chimanga chikatayika mumawerama n'kutola. Nyemba zikamwazika mumasesa, n'kupeta. Koma dzira likasweka, latha. Choncho mwambiwu umanena za kutaya kumene kulibe pobwezera.

Tanthauzo lake tsopano ndi ili: usaike chuma chako chonse, nthawi yako yonse kapena chiyembekezo chako chonse pa chinthu chimodzi, chifukwa chinthucho chikakanika, utsala wopanda pogwira. Ndibwereze. Usadalire chinthu chimodzi chokha, pakuti chikagwa, ugwa nacho.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Tsopano tione kumene mwambiwu unachokera.

Ndi mwambi wakale ndithu. Umapezeka m'mabuku a Chingerezi kuyambira zaka za m'ma 1600. Mphunzitsi wina wa Chitaliyana wa mumzinda wa London, dzina lake Giovanni Torriano, anaulemba m'buku lake la miyambi m'zaka za m'ma 1660. Pofika mu 1710, unkalembedwa kale pafupifupi mmene timaunenera lero.

Ambiri amati unachokera m'buku lotchuka la ku Spain lotchedwa Don Quixote, lolembedwa ndi Miguel de Cervantes, limene gawo lake loyamba linatuluka mu 1605. Zoona zake n'zakuti m'Chisipanishi, wantchito wa m'nkhaniyo, Sancho Panza, amangolangiza bwana wake kuti munthu wanzeru sataya zonse tsiku limodzi. Mazira ndi dengu zinalowamo pamene bukulo linkamasuliridwa m'Chingerezi. Womasulirayo anatola mwambi umene Angerezi ankaudziwa kale, kuti owerenga amve msanga.

Mwambiwu unafika ngakhale pakati pa akatswiri a zachuma. Mu 1981, katswiri wa ku America, James Tobin, analandira mphoto ya Nobel. Atolankhani atamupempha kuti afotokoze kafukufuku wake m'mawu osavuta, iye anawayankha ndi mwambi womwewu wa mazira ndi dengu. Taganizani, omvera: masamu a zaka zambiri, koma mutu wake ndi nzeru imene mayi wogulitsa mazira akuidziwa.

Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu ndi mlendo. Tiyeni tione ngati kalumo kake kangamete kuno kwathu.

Tiyambe ndi fodya. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, midzi yambiri ya kuno inasintha. Fodya wamanga nyumba za malata, wagula ngolo ndi ng'ombe, waphunzitsa ana. Zimenezi palibe angakane. Koma inu alimi a fodya mukudziwa kutalika kwa ulendo wake. Nazale, kuthirira m'mawa ndi madzulo, kuwokera, kuthira feteleza, kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, kusankha, kudinda mabelo. Miyezi yonseyo mukutulutsa ndalama ndi thukuta. Ndiye mabelo aja akafika ku okushoni ku Kanengo, mtengo sutchulidwa ndi inu. Ukakhala wabwino, pakhomo pamakhala chisangalalo. Ukatsika, kapena belo likabwezedwa, banja limene linaika munda wonse, ngongole yonse ndi mphamvu zonse pa fodya limasowa ngakhale ya thumba limodzi la chimanga. Mngerezi ataona banja lotero anganene kuti: They put all their eggs in one basket.

Dziko lathu lomwe lili m'vuto lomweli. Kwa zaka zambiri, pafupifupi theka la ndalama zimene Malawi amapeza pogulitsa katundu kunja lakhala likuchokera ku fodya. N'chifukwa chake mukamamvera nkhani za m'Chingerezi, kapena zokambirana za ku nyumba ya malamulo, mwambiwu umamveka kawirikawiri pa nkhani ya chuma cha dziko.

Koma tisaloze fodya yekha chala. Mbewu iliyonse ikhoza kusanduka dengu limodzi. Abale athu a kummwera anaziona ndi nandolo. Mtengo utakwera, ambiri anakuza minda ya nandolo, podalira msika wa ku India. Mu 2017 dziko la India linachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja, ndipo mtengo kuno unagwa koopsa. Mbewu inabereka, alimi anagwira ntchito yawo bwino lomwe, koma wogula wamkulu anali mmodzi.

Nanga chimanga? Kuno timati ngati sunadye nsima ndiye kuti sunadye. Koma amene munalipo mu 2002 mukukumbukira. Anthu anadya gaga, ena anafika pokumba zitsa za nthochi. Mu 2017 kunabuka mbozi zija zolowa m'kati mwa mtima wa chimanga. Mu 2024, ng'amba itawononga minda, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi. Nthawi zonsezi, khomo limene linali ndi chinangwa, mbatata kapena dimba linali ndi pothawira.

Zoterezi si za ku Malawi kokha. Mbatata ya kachewere, imene abale athu a ku Dedza ndi ku Ntcheu amalima kwambiri, ili ndi mbiri yomvetsa chisoni ku Ireland. Kumeneko amphawi ambiri ankadalira mbatata imeneyi pa chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri ankadzala mtundu umodzi. Mu 1845 kunagwa matenda oumitsa masamba ndi kuoletsa mbatatayo. M'zaka zochepa zotsatira, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa, ndipo enanso ochuluka chomwecho anathawira kumayiko ena. Umphawi ndi ulamuliro wosasamala za anthu zinakulitsa tsokalo, koma khomo limene tsoka linalowera linali kudalira mbewu imodzi.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikuphunzira mwambi wa Chingerezi wakuti Don't put all your eggs in one basket, kutanthauza kuti usadalire chinthu chimodzi chokha.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani ya lero. Ambiri akamva mwambiwu amaganiza kuti nzeru yake ndi kuchulukitsa madengu basi. Ayi. Bwererani kwa mayi wathu uja. Tinene kuti mazira aja wawagawa m'madengu awiri, koma madengu onsewo wawamangirira pa njinga imodzi. Njinga ikagwa, apulumutsapo chiyani? Madengu awiri pa njinga imodzi ndi dengu limodzi.

Ndiye funso lofunika si lakuti ndili ndi madengu angati. Funso ndi lakuti: kodi chimene chingagwetse ili, chingagwetsenso ilo?

Tiyeni tiliyese funsoli. Bambo wina ali ndi minda itatu, ndipo yonse wadzala chimanga. Akuti wagawa. Koma mvula ikadula mu Januwale kapena Febuluwale, chimanga chikumasula, minda yonse itatu ifota tsiku limodzi.

Wina walima fodya ndi chimanga. Ndi mbewu ziwiri zosiyana, inde, ndipo misika yake ndi yosiyana. Koma zonse zimafuna feteleza wambiri. Mu Novembala 2023, mphamvu ya kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti, mtengo wa feteleza unakwera, ndipo mbewu ziwiri zonsezi zinakhudzidwa pamodzi. Amene anali ndi gawo la mtedza kapena soya anapumako, chifukwa mbewu zimenezi sizilira feteleza ngati chimanga, ndipo zimasiya chonde m'nthaka.

Mayi wina ali ndi nkhuku 30. Zambiri ndithu. Koma zonse zikugona khola limodzi, zopanda katemera. Chitopa chikalowa m'mudzi m'miyezi yotentha ino, sabata imodzi yokha khola lili mbee. Akanagulitsako zina n'kugula kambuzi, chitopa chikanadutsa kambuziko osakakhudza.

Mwaona kusiyana kwake? Chinangwa ndi mbatata zimapirira ng'amba kuposa chimanga. Dimba limamwa madzi a m'dambo pamene munda wakumtunda ukudikira mitambo. Mbuzi sigwidwa chitopa, nkhuku sigwidwa chigodola cha nkhumba. Kageni ka mandasi kapena ka tomato pa Nathenje, m'mbali mwa msewu wa M1, sikadikira kuti okushoni atsegule. Ndalama ina ikakhala ku banki mkhonde, ina pa foni, ina mwaisandutsa chiweto, wakuba kapena moto sizingatenge zonse usiku umodzi.

Ndipo kunena zoona, agogo athu anazidziwa izi asanamve n'komwe Chingerezi. Kumbukirani munda wa agogo anu aakazi. M'mizere ya chimanga munkayanga nyemba. Pansi pankatambalala maungu. Pa chulu pankakhala mphonda, kumalire khobwe, kuseri kwa nyumba mbatata. Chaka cha mvula yambiri china chinkaola, china n'kupulumuka. Chaka cha dzuwa, chimodzimodzi. Zimene alangizi a zaulimi ndi aphunzitsi a ku sukulu ya zaulimi ya Bunda amatiuza lero, za kulima mbewu zosiyanasiyana ndi za kasinthasintha wa mbewu, mizu yake ili m'minda imeneyo. Choncho pophunzira mwambiwu, mawu okha ndiwo achilendo. Nzeruyo ndi yathu.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Tsopano tafika pa gawo la kayankhulidwe. Ana a sukulu, apa lembani.

Mwambiwu mungaugwiritse ntchito m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndi yolangiza. Mnzanu wamaliza Fomu 4, wakhoza mayeso a MSCE, ndipo akuti iye akufuna maphunziro amodzi okha, pa sukulu imodzi yokha, kwina konse salembera. Inu mungamuuze kuti: Apply to other colleges too. Don't put all your eggs in one basket. Ndiye kuti, lemberanso kumakoleji ena, usadalire malo amodzi. Alipo makoleji a zauphunzitsi, a zaumoyo, a ntchito zamanja. Kulembera kwina sikutanthauza kuti wataya loto lako.

Njira yachiwiri ndi yofotokoza zimene zinachitikira munthu wina. Mwachitsanzo: My uncle put all his eggs in one basket. Amalume anaika zonse pa chinthu chimodzi.

Njira yachitatu ndi yonena za inu mwini. Wina akukukakamizani kuti mpamba wanu wonse muulowetse mu geni imodzi. Mungayankhe kuti: I don't want to put all my eggs in one basket. Sindikufuna kuika zanga zonse pamodzi.

Mwamva kuti kaliwu kamodzi kakusinthasintha. Ndikanena za ine, my eggs. Za iwe kapena inu, your eggs. Za mwamuna, his eggs. Za mkazi, her eggs. Za ife, our eggs. Za iwo, their eggs. Kaliwu kameneka ndi kamene kamasonyeza mwini mazira. Koma mawu akuti eggs ndi basket sasintha. Awa ndiwo mizati ya mwambiwu.

Pali zolakwika zinayi zimene zimamveka kawirikawiri, ndipo ndikufuna muzipewe.

Choyamba, kusokoneza basket ndi bucket. Basket ndi dengu. Bucket ndi ndowa. Mawuwa amamveka mofanana pang'ono, koma mwambiwu ndi wa dengu. Musanenenso bag, kapena tray, ngakhale masiku ano mazira timagula pa thireyi. Mwambi sausintha zovala.

Chachiwiri, kumeza s wa kumapeto. Ndi eggs, osati egg. Dzira limodzi simungaligawe m'madengu awiri.

Chachitatu, kunena on m'malo mwa in. Mazira ali m'kati mwa dengu, choncho ndi in one basket.

Chachinayi, kunena putted pofotokoza zakale. Liwu limeneli mulibe m'mwambiwu. Put sasintha. Lero put, dzulo put.

Palinso mwambi wina wa Chingerezi wa nkhuku umene ophunzira amausokoneza ndi wathuwu. Umati: Don't count your chickens before they hatch. Usawerengere anapiye mazira asanaswe. Umenewo umachenjeza munthu amene wayamba kudyeratu ndalama ya fodya akadali pa nazale. Ndi wofanana ndi wathu uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa anapiye ukuti usafulumire kusangalala. Wa dengu ukuti usadalire chinthu chimodzi. Musaisakanize.

Tsopano nkhani ya ulemu. Ena amaganiza kuti Chingerezi chilibe ulemu chifukwa mwana ndi mfumu onse ndi you. Ulemu ulimo, koma umabisala m'kapangidwe ka chiganizo. Kuuza abwana anu, apongozi kapena a mfumu kuti Don't put, kuli ngati kuwalamula. M'Chichewa simunganene kwa bambo anu kuti "usatero". Mumati, "Bambo, bwanji titayesako kwina?" M'Chingerezi chitaninso chomwecho. Nenani kuti: Perhaps we should not put all our eggs in one basket. Perhaps ndiye kuti mwina. We ndiye kuti ife. Mwadzilowetsamo nokha m'nkhaniyo, ndipo mwawasiyira akuluwo mpata woganiza. Chiganizo chimenechi chikhoza kukuthandizani pa msonkhano wa kalabu ya alimi, wa kopaletivi kapena wa komiti ya sukulu.

Samalaninso nthawi youyankhulira. Mwambiwu ndi wochenjeza zinthu zisanachitike. Mnzanu akabwera akulira kuti nkhuku zake zonse zafa, kapena kuti katundu wake yense wa geni walandidwa, si nthawi yomuponyera mwambi. Kutero n'kumuseka. Mupepeseni, mumuthandize. Mwambiwo mudzakambirana mtima wake ukakhala pansi, pamene akukonza zoyambiranso.

Ndipo inu olemba chimangirizo pa mayeso a Chingerezi, mwambi umodzi woikidwa pamalo pake umakometsa nkhani. Koma mukaunjika miyambi isanu m'ndime imodzi, wochonga amaona kuti mwangoloweza. Fotokozani mfundo yanu kaye m'mawu anuanu, kenako mwambi ubwere kudzatsindika.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Tafika pa gawo lomaliza: kodi mwambiwu umalekezera pati?

Sikuti onse amagwirizana nawo. Mu 1885, mpondamatiki wa mafakitale a zitsulo ku America, Andrew Carnegie, polankhula kwa ophunzira za malonda mumzinda wa Pittsburgh, anautembenuza. Iye anawalangiza kuti mazira onse awaike m'dengu limodzi, koma dengulo aliyang'anire ndi maso onse. Ankaona kuti anthu ambiri amagwa pa malonda chifukwa chogwira uku ndi uku, osadziwa bwino ntchito ngakhale imodzi.

Makolo athu nawonso anachenjeza zomwezo. Anati mapanga awiri avumbwitsa. Anatinso ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kodi ndiye kuti miyambi yathuyi ikutsutsana ndi wa Chingereziwu? Ine ndikuti ayi. Iliyonse ikulondera mbali yake. Wa Chingerezi ukuletsa kudalira chinthu chimodzi. Yathuyi ikuletsa dyera ndi kusakhazikika.

Taganizirani mwezi wa Disembala ndi Januwale. Manja ndi omwewo. Chimanga chikufuna kupalira ndi kubandira, fodya akufuna kuwokera, mtedza ukufuna kupalira, mbuzi zikufuna womangirira, geni ikufuna wokhalapo. Munda ndi ekala imodzi kapena ziwiri. Mukadzala mbewu zisanu ndi ziwiri, mwina palibe ngakhale imodzi imene idzasamalidwe mokwanira. Choncho madengu akhale amene mungathe kuwasenza. Awiri kapena atatu, osiyana ndithu, osamalidwa bwino, aposa khumi ongotayidwa.

Ndikudziwa kuti wina akumvera panopa akuti, "Inu a pawailesi, mukunena za madengu, ine ndili ndi dengu limodzi lokha, ndipo mazira ake ndi awiri." Mayi anga, bambo anga, ndakumvani, ndipo mwambiwu sukukuimbani mlandu. Umphawi umachepetsa zosankha. Koma amene ali ndi zochepa ndi amene kugwa kumamupweteka koposa, choncho dengu lachiwiri, ngakhale kakhale kakang'ono, ndi lofunika kwambiri kwa inuyo. Likhoza kukhala mizere isanu ya mbatata kumapeto kwa munda. Likhoza kukhala msoti umodzi wolandira katemera. Likhoza kukhala luso la manja: kuluka mphasa, kukonza njinga, kuumba njerwa, kusoka. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pali malo amodzi pamene ndikupemphani kuti mwambiwu musaufikitsepo. Achinyamata ena, ngakhale akuluakulu ena apabanja, amautenga kukhala chodzikhululukira chokhalira ndi zibwenzi zambiri. Amati, "Sindingaike mazira onse m'dengu limodzi." Kumeneko n'kuupotoza. Mwambiwu ndi wa chuma, mbewu, malonda ndi mwayi wa ntchito. Munthu si dengu. Mkazi wanu, mwamuna wanu, si geni yoti ikagwa muthawire ku ina. Ndipo ngakhale titatsata nzeru ya mwambi womwewu, cholinga chake ndi kuchepetsa ngozi. Zibwenzi zambiri zimachulukitsa ngozi: matenda, mimba zosakonzekera, ana osowa chisamaliro, mabanja osweka. Pa nkhani ya banja, mwambi woyenera ndi wathu uja wa mapanga awiri.

Tiyeni tsopano tiombe mkota.

Mwambi wa lero ndi Don't put all your eggs in one basket. Tanthauzo lake: usadalire chinthu chimodzi chokha, pakuti chikagwa ugwa nacho. Pouyankhula, sinthani mwini mazira, my, your, his, her, our, their, koma eggs ndi basket zisiyeni momwemo. Kwa akulu, ufewetseni ndi perhaps ndi we. Unenedwe zinthu zisanaonongeke, osati pamaso pa munthu amene akulira. Ndipo chachikulu pa zonse: kugawa kwenikweni ndi kuika zinthu zanu pamene tsoka limodzi silingazipeze zonse.

Ndikusiyirani ntchito ziwiri. Yoyamba ndi ya banja lonse. Usiku uno mukatha kudya, khalani pansi, bambo, mayi ndi ana okulirapo, mutchule zinthu zonse zimene zimabweretsa chakudya ndi ndalama pakhomo panu. Kenako dzifunseni mafunso atatu. Mvula ikadula, chitsale n'chiyani? Mtengo ukagwa pamsika, chitsale n'chiyani? Amene amagwira ntchito kwambiri pakhomo pano akadwala mwezi wathunthu, chitsale n'chiyani? Ngati pa funso lina yankho ndi lakuti palibe, mwapeza poyambira, ndipo mvula isanagwe nthawi ikadalipo. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu angakuthandizeni kusankha mbewu yogwirizana ndi nthaka yanu.

Yachiwiri ndi ya ophunzira. Pangani ziganizo zitatu za Chingerezi ndi mwambiwu: china cholangiza mnzanu, china chofotokoza za munthu wina, china chonena za inu mwini. Mawa mukawaonetse aphunzitsi anu. Ndipo mufunse agogo ngati akudziwa mwambi wa Chichewa wonena zofanana ndi zimenezi, muulembe pambali pa wa Chingereziwo.

Nthawi yathu yathera pamenepa.  Tidzakumanenso sabata yamawa, nthawi ngati yomweyi, ndi mwambi wina. Mulime bwino, ana muwerenge mwakhama. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)